Invoisi ikabwera ndi akaunti yatsopano, ndalama ziyambe zadikira

Palibe wamalonda mu Limbe, ku Tsoka kapena mumsika waukulu wa Mzuzu amene sadalandirepo uthenga uja wa pafoni wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta." Masiku ano ambiri akauona amangoseka, ena amayamba awerengera anzawo pabenchi asadaufufute. Anthu adachenjera, ngakhale ena adachenjera atalira kale.

Chodabwitsa n'chakuti uthenga womwewo ukavala jekete ndi tayi, n'kubwera pa imelo m'Chingerezi chosalala, uli ndi chizindikiro cha kampani pamwamba ndi invoisi ya PDF pansi, wamalonda wochenjera yemwe uja amathamanga nawo kubanki. Pafoni mwina akadaluza K20 000. Pa imelo umapita mpamba wonse.

Tsamba lino limakonda kukamba za mtengo wa soya, wa feteleza ndi wa belo la kaunjika. Koma mtengo wabwino woodera katundu ulibe ntchito ngati ndalama yake yakathera m'thumba la munthu wina. Kompyuta imene ili pathebulo kunyumba, ndi imelo imene wamalonda adatsekula zaka khumi zapitazo, tsopano ndi mbali ya shopu chimodzimodzi kabati yosungiramo ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti shopu ili ndi maloko atatu, zitsulo m'mawindo ndi mlonda wolipidwa pamwezi, pomwe imelo imatsekedwa ndi dzina la mwana woyamba ndi chaka chomwe adabadwa.

Nkhani yophunzirirapo bwino idachitika ku Johannesburg, komwe amalonda ambiri a kuno amakaoda katundu. M'chaka cha 2019 mayi wina ankagula nyumba ya R6 miliyoni. Chikole cha R500 000 adapereka bwinobwino ku kampani yomwe inkatsatsa nyumbayo. Zotsala, R5.5 miliyoni, zinkayenera kupita ku akaunti ya ENSafrica, imodzi mwa makampani akuluakulu a maloya m'dzikolo, yomwe inkayendetsa mapepala osinthira umwini wa nyumba.

Chomwe mayiyo sankadziwa n'chakuti akuba adali atalowa kale mu imelo yake. Kalata yeniyeni ya maloya, yokhala ndi nambala ya akaunti, adaigwira panjira, n'kumutumizira ina yooneka chimodzimodzi koma yokhala ndi akaunti yawo. Adiresi yotumizira inkasiyana ndi yeniyeni pa zilembo ziwiri zokha: pomwe pankayenera kulembedwa "africa" padalembedwa "afirca". Mayiyo adalipira. Chikalata chosonyeza kuti walipira, chomwe adatumiza kwa maloyawo, akubawo adachigwiranso n'kuchisintha, kuti mbali zonse ziwiri zizingodikirana. Pomwe chinyengo chinkadziwika, ndalama zidali zitatapidwa kale.

Nkhani idapita kukhoti. Mu Januwale 2023 khoti lalikulu lidagamula kuti maloyawo abweze ndalamazo chifukwa sadamuchenjeze mayiyo za kuopsa kolandira nambala ya akaunti kudzera pa imelo. Ambiri adaomba m'manja. Koma mu Juni 2024 khoti la apilo, Supreme Court of Appeal, lidatembenuza chigamulocho. Majaji adaona kuti kampani yotsatsa nyumba ija idali itamuchenjeza kale za akuba oterewa, ndipo popereka chikole iye adayamba waimba foni kutsimikiza akaunti. Pa ndalama zazikuluzo sadatero, pomwe mwayi wotero adali nawo.

Makhoti a ku Malawi samangidwa ndi chigamulo cha ku South Africa, koma wamalonda safunika loya kuti amvetse zomwe zimachitika zikatere. Wogulitsa wa ku Johannesburg, Dar es Salaam, Dubai kapena Guangzhou amayang'ana mu akaunti yake, saonamo kanthu, ndipo katundu satuluka. Kwa iye palibe chomwe chalipidwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi womva m'mimba ndi wolipira.

Kuno bala lake limakula kawiri. Aliyense wooda katundu kunja akudziwa mmene ndalama zakunja zakhala zikuvutira m'mabanki zaka zaposachedwapa, komanso mmene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudadyera mipamba ya anthu. Munthu amapereka mapepala n'kudikira masabata, mwinanso miyezi, kuti apatsidwe madola. Tsiku lomwe banki yamuitana mtima umakhala m'mwamba, amafuna ndalama zichoke lero lomwe mwayi usadamuphonye. Wakuba amene wakhala akuwerenga makalata ake amazidziwa zonsezi. Amadziwa kuchuluka kwa ndalama, amadziwa tsiku, amadziwanso kuti mwini wake ali pa changu. Madola amenewo akasochera kulibe mzere wachidule wa anthu oberedwa. Munthu amabwerera kumapeto kwa mzere womwe uja, katundu alibe, mpamba alibe.

Nanga wakubayo amalowa bwanji? Anthu ambiri amaganiza za mnyamata wanzeru zoopsa amene amathyola makina ali m'kachipinda kamdima, monga m'mafilimu. Kawirikawiri sizikhala choncho. Mwini imelo ndiye amapereka yekha kiyi.

Njira yodziwika kwambiri ndi kalata yoopseza kapena yokopa. Ina imati akaunti yadzaza ndipo itsekedwa pakatha maola 24. Ina imati phukusi lagwidwa pa kasitomu. Yowakola kwambiri amalonda ndi ya "kasitomala" watsopano wofuna kotesheni ya katundu wambiri, amene akuti mndandanda wake uli pa linki yomwe waika m'munsi. Munthu akadina, kumatsekuka tsamba lofanana ndi la Gmail, Yahoo kapena Outlook lofunsa pasiwedi. Akalemba, tsambalo limangoti palakwika, ndipo iye amadandaula za netiweki n'kupitiriza ntchito zina. Pasiwedi yapita basi.

Njira ina ndi ya pasiwedi imodzi yotsekulira chilichonse: imelo, Facebook, tsamba la kubetcha mpira, tsamba logulirapo galimoto. Limodzi mwa masamba amenewa likaberedwa, akuba amayesa pasiwedi yomweyo pa imelo. Kampani ya Yahoo idavomera mu 2017 kuti kuba komwe kudachitika mu 2013 kudakhudza maakaunti ake onse, okwana 3 biliyoni. Amalonda ambiri a kuno akadali ndi adiresi za Yahoo zolembedwa pa zikwangwani za mashopu, ndipo n'zosakayikitsa kuti ena mwa iwo pasiwedi sadaisinthepo chitsekulireni. Pali tsamba laulere lotchedwa Have I Been Pwned, pomwe munthu amalembapo adiresi yake ya imelo n'kuona ngati idapezekapo m'gulu la zoberedwa.

Akalowa, wakuba saba tsiku lomwelo. Amakhala chete ngati mbewa m'nkhokwe. Amawerenga makalata akale, amaphunzira mmene wogulitsa amaperekera moni, mmene amasainira, ndi mmene invoisi yake imaonekera. Kenako amatchera lamulo mkati mwa imelo loti kalata iliyonse yokhala ndi mawu akuti "invoice" kapena "payment" izipita kwa iye, kapena izibisika m'foda yomwe mwini wake satsekula. Nthawi yolipira ikakwana ndi pomwe kalata yake imatulukira, mkati mwa mndandanda womwewo wa makalata akale, yonena kuti akaunti yanthawi zonse ikuunikidwa ndi owerengera ndalama, kapena kuti kampani yasintha banki, choncho ulendo uno ndalama zipite kwina.

Pali chinthu chimodzi chowawa apa. Imelo yoberedwa ikhoza kukhala ya wogulitsa, osati ya wogula. Wamalonda wa ku Lilongwe akhoza kusamala zonse kumbali yake, koma kalata yabodza n'kuchokera pa adiresi yeniyeni ya kampani ya ku Guangzhou, popanda chilembo chosokonekera ngakhale chimodzi. Palibe antivayirasi imene ingagwire kalata yoteroyo, chifukwa mulibe vayirasi. Muli nambala chabe.

Wina asaganize kuti zimenezi zimagwera osaphunzira. Pakati pa 2013 ndi 2015 mkulu wina wa ku Lithuania, Evaldas Rimasauskas, adalembetsa kampani ku Latvia m'dzina lofanana ndi la Quanta Computer, kampani ya ku Taiwan yopanga zipangizo za makompyuta yomwe inkachita malonda ndi Google ndi Facebook. Adayamba kutumiza mainvoisi abodza, ndipo makampani awiriwo adalipira ndalama zoposa $100 miliyoni. Adagwidwa mu 2017, ndipo mu Disembala 2019 khoti la ku New York lidamulamula kukakhala kundende zaka zisanu. Google yomwe idapanga Gmail ndiyo idalipira invoisi yabodza. Nthambi ya FBI ku America idalandira madandaulo oposa 21 000 a kuba kwa mtundu umenewu m'chaka cha 2023 chokha, a ndalama zokwana pafupifupi $2.9 biliyoni, ndipo amenewo ndi okhawo omwe adakadandaula.

Choncho loko woyamba sali mu kompyuta. Ali m'khalidwe la wolipira. Nambala ya akaunti ikangosiyana ndi yomwe idalipidwa ulendo watha, kapena ngati ndi ulendo woyamba kulipira kampaniyo, ndalama zisachoke mpaka wolipira atamva mawu a munthu amene akumudziwa. Nambala yoimbira isatengedwe pa kalata yomwe yabweretsa akaunti yatsopanoyo, chifukwa woyankha adzakhala wakuba yemweyo, ndipo adzayankha mwaulemu kwambiri. Itengedwe pa lisiti yakale, pa khadi lomwe munthu adalandira m'manja atapita kushopuko, kapena m'foni momwe yakhala zaka zonsezi. Woimba akhale wolipirayo, osati kudikira kuimbiridwa. Kulemberana pa WhatsApp kapena WeChat sikokwanira, poti maakaunti amenewonso amalandidwa. Pakufunika mawu, ngati n'kotheka ndi nkhope pa vidiyo, ndipo nambala ya akaunti iwerengedwe imodziimodzi mpaka kumapeto.

Ena amachita manyazi. Amati kufunsa chomwecho kukuoneka ngati kumukayikira mnzawo amene achita naye malonda zaka zisanu. Manyazi amenewo ndi odula kuposa katundu wina aliyense wa pa tsamba lino. Wogulitsa weniweni sakwiya ndi foni ya mphindi ziwiri, amayamikira, chifukwa ndalama zikasochera iyenso wataya kasitomala. Wokwiya ndi funso, woumiriza kuti zitumizidwe lero lomwe apo ayi mtengo ukwera, wadziulula yekha. Safunsa adadya phula.

Dzina la mwini akaunti ndi dziko lomwe banki ili nazonso zimayankhula. Kampani ikakhala ya ku Durban koma akaunti ili m'dzina la munthu, kapena galimoto ikugulidwa ku Japan koma banki yolandira ili ku Ulaya, pamenepo pali nkhani. Makampani akuluakulu ogulitsa galimoto zakale a ku Japan amachita kulemba machenjezo pa masamba awo za makalata abodza osintha akaunti, chifukwa makasitomala awo akhala akuberedwa motere. Komabe kusiyana kwa malo si umboni nthawi zonse. Makampani ambiri enieni a ku China amalandirira ndalama ku Hong Kong. Ndiye chifukwa chake chothetsa mkangano ndi foni, osati kungoganizira.

Wamalonda wa kuno akhozanso kukhala mbali inayo. Amene amapereka nyemba ndi mpunga wa Kilombero kusukulu zogonera konko, m'malo ogona alendo kapena kumabungwe, amatumiza mainvoisi pa imelo mwezi ndi mwezi. Imelo yake ikalandidwa, kasitomala ndiye amalipira wakuba, kenako awiriwo amayamba kulozana zala, wina akuti ndidalipira, wina akuti sindidalandire. Ngakhale mlandu utamukomera, oda ya chaka chamawa yapita. Anthu ambiri amakhulupirira kuti PDF singasinthidwe, chonsecho aliyense wodziwa pang'ono kompyuta amasintha nambala m'menemo mphindi zochepa. Mzere umodzi pansi pa invoisi iliyonse, wonena kuti akaunti ya kampaniyi sisinthidwa kudzera pa imelo ndipo wokayika aimbe foni, sudya inki yambiri. Koposa apo n'kumuuza pakamwa wowerengera ndalama wa kumeneko tsiku loyamba lomwe.

Loko wachiwiri ndiye wa imelo yeniyeniyo, ndipo ndi waulere. Gmail, Yahoo ndi Outlook zonse zili ndi njira yotsimikizira kawiri, yomwe pa Gmail imatchedwa 2-Step Verification. Ikayatsidwa, pasiwedi yokha sikwanira kulowera pa makina achilendo, pamafunikanso khodi kapena chilolezo chochokera pafoni ya mwini wake. Kuyatsa kwake sikupitirira mphindi khumi. Khodi yobwera pa SMS ndi yabwino kuposa kukhala opanda kanthu, koma pulogalamu ngati Google Authenticator ndi yolimbirapo, poti akuba ena amatha kusinthitsa simu ya munthu mwachinyengo. Khodi imeneyi siuzidwa munthu, kaya wanena kuti ndi wa kubanki, wa kukampani ya foni kapena wa ku Google.

Pamalo pomwepo n'pofunika kuyang'ana nambala ya foni yobwezeretsera akaunti. Maimelo ambiri a amalonda adatsekulidwa ndi mphwake kapena mnyamata wa pa kafe ya intaneti, ndipo nambala yomwe ili m'menemo ndi ya iyeyo, kapena ndi ya simu yomwe idatayika kalekale. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imaipereka kwa munthu wina. Ndiye kuti kiyi wa sipeya wa shopu ali ndi mlendo. M'ma Settings a Gmail mulinso magawo awiri oyenera kutsekulidwa kamodzi pamwezi, la Filters and Blocked Addresses ndi la Forwarding and POP/IMAP. Mukapezeka lamulo kapena adiresi yomwe mwini wake sakuidziwa, ndiye kuti mbewa ili kale m'nkhokwe, ndipo kusintha pasiwedi kokha sikuichotsa ngati lamulolo silidafufutidwe.

Pa za pasiwedi, utali ndiwo umathandiza. Chiganizo cha mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, chomwe sichigwiritsidwa ntchito pena paliponse, n'cholimba kuposa dzina la mwana lokhala ndi 123 kumapeto. Akatswiri ena amaletsa kulemba pasiwedi papepala. Kwa wamalonda wa kuno, kabuku kotsekeredwa m'sutikesi kunyumba n'kabwino kwambiri kuposa pasiwedi imodzi ya paliponse, chifukwa wakuba wa pa intaneti safika kuchipinda chogona.

Tsopano kompyuta ya kunyumba ija. M'mawa bambo kapena mayi amalemberapo kotesheni ndi kulowa kubanki. Madzulo ana amatsitsirapo magemu, mafilimu ndi mapulogalamu othyoledwa omwe amati ndi aulere. Mapulogalamu oterewa kawirikawiri amabwera ndi kachilombo komwe ntchito yake n'kukokolola mapasiwedi onse osungidwa mu Chrome kapena Edge n'kuwatumiza kunja. Kompyuta siichedwa, palibe chooneka, mwini wake amangoona zonse zili bwino. Kuwaletseratu ana n'kovuta, ndipo mwina si chilungamo poti ena amachitirapo za kusukulu. Windows imalola kutsekula maakaunti osiyana pa makina amodzi. Ana apatsidwe yawo ya Standard, yomwe siilola kuika mapulogalamu akuluakulu popanda pasiwedi ya kholo, ndipo ya malonda ikhale yotseka. Amene bizinesi yake yakula mpaka kumaoda makontena alibe chifukwa chogawanira laputopu ndi mwana wa Fomu 2.

Fulashi ndi nkhani ina. Imachoka kunyumba kupita kopulinta, kuchoka uko kupita kwa obena nyimbo, n'kubwerera itasenza zonse zomwe yakumana nazo. Aliyense adaonapo mafoda atasanduka ma shortcut. Ngati pepala likungofunika kupulintidwa, kulitumiza pa WhatsApp kwa wopulintayo n'kwabwino kuposa kupereka fulashi, ndipo kulowa mu imelo ya bizinesi pa kompyuta ya pamalo otero ndi chimodzimodzi kusiya makiyi a shopu pa kauntala ya mubala.

Pa antivayirasi pali malonda ena osayenera kuwalimbikitsa. Amisiri ena amalipiritsa kuti aike antivayirasi yothyoledwa, nthawi zina ziwiri kapena zitatu pa makina amodzi, zomwe zimangolimbana zokhazokha n'kuchedwetsa kompyuta. Pulogalamu yachitetezo yomwe wina adaithyola kuti ikhale yaulere siyodalirika kulondera chilichonse. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera kale ndi Microsoft Defender, yosalipira, ndipo kwa munthu wa panyumba ndi yokwanira bola izilandira ma update.

Apa ndi pomwe pagona vuto, chifukwa chinthu choyamba chomwe ambiri amapempha pogula laputopu n'chakuti ma update atsekedwe, amadya bandulo. N'zoona amadya. Koma mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kadagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku England komwe odwala masauzande adabwezedwa, chonsecho Microsoft idali itatulutsa kale chotsekera bowo lomwe kadalowera miyezi iwiri m'mbuyomo, mu Malichi. Omwe adagwidwa ndi omwe sadaike. Bandulo ya usiku kamodzi pamwezi ndi yotchipa poyerekeza ndi malipiro a mlonda.

Kwa amene akufuna kugula laputopu yakale, apa pali mfundo ya mtengo. Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 idasiyidwa pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe adalembetsa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Windows 11 siilowa mwalamulo pa makina akale kwambiri. Pa mapulosesa a Intel imafuna a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, omwe adayamba kutuluka mu 2017. Malaputopu ambiri otchipa omwe adzaza m'mashopu ndi omwe maofesi a kunja akutaya pa chifukwa chomwechi. Kungomva kuti ndi Core i5 kapena Core i7 sikokwanira, funso likhale lakuti ndi ya m'badwo uti. Ya m'badwo wa 6 ikhoza kuthamanga bwino, koma mtengo wake suyenera kufanana ndi wa 8, ndipo si yoyenera kulowerapo kubanki zaka zikubwerazi.

Mtundu wina wa kachilombo sukuba mwakachetechete, umatseka mafayilo onse n'kufuna dipo. Mu Julayi 2021 makina a Transnet ku South Africa adagwidwa motere, ndipo ntchito yotsitsa makontena pa doko la Durban, pomwe katundu wina wa kuno amadzera, idasokonekera kwa masiku angapo. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa panthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti adalowedwa ndi anthu omwe ankafuna dipo, ndipo amalonda odutsa malire akukumbukira masabata omwe mapasipoti sankatuluka. Pa shopu yaing'ono, chotsekedwa chimakhala fayilo ya Excel momwe muli mayina a onse okongola katundu. Angongole akamva kuti buku latayika, ambiri amaiwala msanga. Mankhwala ake ndi kukopera mafayilo ofunika pa disiki yapadera Loweruka lililonse, n'kuizula ikatha ntchito, chifukwa ikakhala yolumikiza nayonso imatsekedwa. Kope lina likhoza kukhala pa Google Drive, pomwe akaunti iliyonse ili ndi 15 GB yaulere.

Za spam wamba, makalata a mphoto za mipikisano yomwe munthu sadalowe ndi chuma cha masiye cha anthu osawadziwa, sizifuna mawu ambiri. Asayankhidwe, ngakhale ndi chipongwe, chifukwa yankho limangotsimikiza kuti adiresiyo ili ndi mwini. Batani la Report spam lilipo pa ntchito imeneyo. Fayilo yobwera ndi dzina lothera ndi .exe, .zip, .iso kapena .html kuchokera kwa munthu wosayembekezereka si invoisi, ngakhale italembedwa kuti invoisi.

Sikuti katundu yense asenze wamalonda yekha. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lidaika kulowa m'makina a eni popanda chilolezo, kufalitsa mavayirasi ndi kutumiza spam m'gulu la milandu, ndipo lidakhazikitsa nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti pansi pa bungwe la MACRA. Koma machenjezo ambiri omwe anthu amamva pawailesi ndi pafoni amakamba za ndalama za pafoni. Za invoisi yosinthidwa sizimveka kwenikweni, mwina chifukwa oberedwa amabisa, poopa kuti anzawo awaseka ndipo owakongoza mpamba ayamba kugogoda.

Mabanki nawo ali ndi pothandizira popanda kugula makina atsopano. Wotumiza K5 000 pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amaona dzina la wolandira asadatsimikize. Ku Britain mabanki akuluakulu adayamba mu 2020 kufananitsa dzina ndi nambala ya akaunti munthu asadalipire. Pa ndalama zopita kunja zimenezo n'zovutirapo, koma banki imakhala ndi mbiri ya kasitomala wake. Kalaliki akaona kuti kampani yomwe yakhala ikulipidwa ku banki ina zaka zitatu lero ili ndi akaunti ku dziko lina, funso limodzi lokha, "Kodi mwayankhula nawo pafoni?", likhoza kupulumutsa madola omwe dziko lomweli likuwasowa. Funso limenelo liyenera kukhala pa fomu yotumizira ndalama, osati kudalira kuti kalaliki wa tsikulo ndi wachifundo.

Zikachitika kale, chofunika ndi liwiro. Akuba amasamutsa ndalama maola ochepa zikangofika, choncho wolipira athamangire kubanki yake ola lomwelo kukapempha kuti itumize uthenga woziimitsa ndi kuzibweza ku banki yolandira. Kudikira Lolemba n'kutaya mwayi wochepa womwe ulipo. Wogulitsa auzidwe pafoni, osati pa imelo yomwe wakuba akuwerenga. Pasiwedi isinthidwe pogwiritsa ntchito makina ena, malamulo obisika aja afufutidwe, ndipo makasitomala ena onse achenjezedwe. Makalata abodzawo asafufutidwe ngakhale akupweteka kuwaona, chifukwa apolisi a nthambi yoona za chinyengo cha ndalama ndi banki adzawafuna, pamodzi ndi lipoti la kupolisi.

Pakapita masiku angapo nthawi zina kumabwera kalata ina, kapena foni, ya munthu wodzitcha wofufuza milandu ya pa intaneti kapena loya wa kunja. Amadziwa dzina la woberedwa, amadziwa ndalama zomwe zidapita, ndipo amati wazipeza, kwangotsala kulipira kandalama kochepa kotsekulira akaunti yomwe zatsekeredwa. Zonsezo akuzidziwa chifukwa adaziwerenga mu imelo yomwe ija.